Mankhwala a khansa omenya ma enzyme okha, alipodi?

Mwana wa ku Chelstone:
Abale ndithandizeni. Amayi aang'ono ali pa kemo ya khansa ya m'mawere, tsitsi latha lonse mkamwamu zilonda zokhazokha. Ndiye mnzanga wa ku UNZA akuti kunabwera mapilisi oletsa maselo a khansa kugawikana osapweteka thupi lonse, zoona kapena ndi zija za pa Facebook?

Wa mu labu:
Zoona, koma zoti thupi silikhudzidwa konse wawonjezera mnzakoyo. Selo lisanagawikane pamakhala ma enzyme (mapuloteni oyendetsa ntchito za m'selo) otchedwa CDK amene amaliloleza kupita patsogolo, ndipo Leland Hartwell, Tim Hunt ndi Paul Nurse analandira Nobel mu 2001 potulukira mmene zimenezi zimayendera. Kemo imangokantha selo lililonse logawikana msanga ndiye tsitsi, mkamwa ndi mafuta a m'mafupa zimavutikira limodzi ndi chotupacho. Palbociclib yomwe ku America anaivomereza mu 2015 imagwira CDK4 ndi CDK6, amaipereka pa khansa ya m'mawere yomwe imakula ndi mahomoni koma ilibe HER2 (puloteni imene imakulitsa zotupa zina msanga), nthawi zambiri pamodzi ndi letrozole, mankhwala ochepetsa mahomoniwo, ndipo munthu amamwa masiku 21 nkupuma 7 poti imatsitsa maselo oyera a m'magazi. Tsitsi limapyapyalako koma osati ngati pa kemo. Mtengo wake ndiye eee.

Amake awiri:
Nanga ya khomo la chiberekero imene yatitha kuno ku Zambia sangaipatse omwewo?

Wa mu labu:
Amayi apo ndi pomwe pavuta. CDK4 ndi CDK6 ntchito yake nkumasula puloteni ina yotchedwa Rb imene imagwira selo kuti lisathamange, ndiye ukatseka ma enzyme amenewo Rb imangogwirabe. Koma kachirombo ka HPV, komwe kamayambitsa khansa imeneyo, kali ndi puloteni yake E7 yomwe imaononga Rb yomweyo, ndiye kumwa palbociclib kuli ngati kukhoma geti mpanda utagwa kale. Pa imeneyo ine ndimadalira katemera wa HPV kwa atsikana ndi kukayezetsa msanga kukiliniki.

Nesi wopuma:
Mwanawe usawauze amayiwo asiye kemo chifukwa cha zapano ayi. Tsiku la kiliniki ku Cancer Diseases Hospital upite nawo ufunse adokotala kuti zotsatira za chotupa zinati chani pa ER (yoonetsa ngati chimakula ndi mahomoni) ndi HER2, mankhwala amasankhidwa pamenepo. Zilonda za mkamwazo uwauzenso, pakadali pano azichukucha ndi madzi ofunda a mchere pang'ono.

Mwana wa ku Chelstone:
Zikomo amama, mapepala a labu ali kwa amalume ku Matero ndikawatenga mawa.