Wamkachisi amadya zamkachisi, ndi chilolezo chakuba kodi?

Nachisale: Abale ndithandizeni. Ku banki nkhonde yathu tinasankha mayi wina kukhala msungichuma poti ndi wopemphera, saphonya Lachinayi la amayi, mpaka makiyi a bokosi oyenera kusungidwa ndi anthu atatu tinangomusiyira onse. Pogawana mu December ndalama zaperewera, kumufunsa akuti wamkachisi amadya zamkachisi, nkuseka. Ine ndimayesa mawuwa amanena abusa ndi chakhumi, nanga pa ndalama zathu akulowa bwanji?

Mbewe wa ku Dedza: Achemwali mawuwo si a tchalitchi ayi, ndi a makolo. Agogo anga aakazi ankatiuza kuti mvula ikavuta ankamanga kachisi, kakanyumba kakang'ono ka udzu pansi pa mtengo, nkuthira nsembe ya ufa ndi mowa. Kopanda chitseko koma palibe ankayerekeza kukhudza, mwana ukangosuzumira khutu limakokedwa. Wodya zotsala anali wotumikira pamenepo basi, mudzi wonse ukudziwa.

Mlaliki J: A Mbewe tsegulani 1 Akorinto 9:13, Paulo akunena kuti otumikira m'kachisi amadya za m'kachisi. Ankanena zoti wolalikira azithandizidwa ndi mpingo. Buku Lopatulika linatuluka 1922, agogo anuwo anazimva kwa amishoni.

Mbewe wa ku Dedza: Nanga amishoniwo kachisi anabwera naye pa sitima? Kwa Mbona ku Khulubvi ku Nsanje kunali kachisi, kwa Makewana ku Msinja kunalinso, Mzungu asanaponde kuno. Ndikubwereza, ndi za makolo.

NaBanda Joni: Agogo anga anali Msilamu wa ku Mangochi, mnzawo wogulitsa naye usipa anali wa Katolika, ankasungirana ndalama pa nsonga ya chitenje popanda kulemba paliponse. Ankati munthu umamuona pa maliro ndi pa ngongole, osati pa mkeka wopempherera. Kuno ku Joni ndinatumiza katundu kudzera mwa m'bale wa mumpingo, chifukwa choti timaimba limodzi kwaya sindinafunse lisiti, mpaka lero foni yake imangolira. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina amayi.

Mlaliki J: Komabe tisanyoze kupemphera, ambiri oopa Mulungu amabweza ngongole popanda kuwatsata. Vuto ndi loti akuba anazindikira kuti yunifomu yoyera imatsegula zitseko.

Mbewe wa ku Dedza: Ndi zomwe ndikunenazo! Kale wakachisi ankaopa mizimu, akadya mobisa ankadziwa kuti mvula ikakanika mudzi wonse umuloza iyeyo. Mwambiwu unkapatsa malire. Anaupotoza ndi anthu a m'maofesi, nthawi ya Cashgate, kubedwa kuja kwa ndalama za boma mu 2013, unali pakamwa pa aliyense limodzi ndi uja wa mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Dolo265: Madala inu mukulimbana ndi mbiri, mayiyo wangodya dilu basi kkkk, mpanikizeni abweze dola.

NaBanda Joni: Taonani ana a masiku ano, kuba akuti dilu, wakuba akuti dolo. Mwana wa mchemwali wanga ndinamufunsa kachisi nchiyani akuti ndi tchalitchi ya papa wa pa TV.

Nachisale: Ndiye mawa ku msonkhano ndikamuuze kuti walakwira Paulo kapena mizimu?

Mbewe wa ku Dedza: Mizimu achemwali. A Mlaliki sanayankhebe za ku Msinja.