Agogo akuti anali pa koleji mu 1958, zinalipo zimenezi?

Mdzukulu92:
Abale ndithandizeni. Sabata yatha timakonza m'nyumba mwa agogo anga aakazi ndiye pansi pa thiranki yawo yachitsulo tinapeza chithunzi chakale, atsikana 7 ataima pa masitepe, madiresi ofanana ofika m'munsi mwa mawondo, kumbuyo kwake analemba ndi inki kuti 1958. Nditawafunsa anangoti "ndili ku koleji pamenepo" basi nkuyamba za mbuzi zawo. Achimwene anga akuti ndi nkhambakamwa, koleji yake iti poti Chanco (Chancellor College) inali isanayambe. Mutu wa agogo masiku ano umasokonezadi zinthu koma apa ayi, analankhula motsimikiza. Mtsikana wa nthawi imeneyo amaphunzira kuti, ndipo amakhala bwanji?

WaKuZomba:
Achimwene anuwo akhoza theka. University of Malawi inayamba 1965, ndipo Chanco poyamba inali ku Chichiri ku Blantyre, ku Zomba inasamukira m'ma 70 umu. Koma koleji si yunivesite yokha ayi. Makoleji a aphunzitsi analipo kalekale, a mishoni komanso wa boma ku Domasi. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi kuno kwathu, anayamba adutsa kaye uphunzitsi ku Domasi komweko, za malamulo anakazimalizira ku London mu 1966. Afunseni agogo ngati anagwirapo choko.

MphunzitsiWopuma:
Mwanawe, agogo akowo usawakayikire. Ine ndinalowa koleji ya aphunzitsi pambuyo pawo pang'ono, ufulu utayandikira, koma moyo wake unali womwewo. Ukakhoza Sitandade 6 nthawi imeneyo unali munthu ndithu, ndipo kwa mtsikana njira zinali ziwiri, uphunzitsi kapena unamwino. M'mudzi mwathu monse ndinapita ndekha, azakhali anga mpaka anakwiya nkumawauza bambo kuti mwana wakula uyu mukumuchedwetsa banja.

Thiranki wapezayo ndi imene timanyamula pamutu kupita nayo pa basi. Belu limalira kusanache, kusesa, mapemphero, phala, kenako m'kalasi. Masana kusoka ndi kuphika, amati domesitiki sayansi, pomwe anyamata ali ku ukalipentala kapena ku mpira. Loweruka kuchapa ndi kusita ndi nsimbi ya makala, nsimbi ziwiri atsikana tonse, ndiye umaima pamzere uku ukuuzira makala kuti asazime, ndipo kaphulusa kakangogwera pa kolala yoyera basi uyambirenso kuchapa. Nyemba zake za anankafumbwe, timangowayoola pamwamba ndi sipuni nkumadya.

Koma chimene sindidzaiwala ndi makalata. Kalata iliyonse imayamba yafika kwa metironi, iwo amatsegula nkuwerenga, ikakhala ya mnyamata umaitanidwa. Nchifukwa chake zibwenzi zonse zimasaina kuti "mlongo wako". Ine ndinali ndi alongo atatu a mtundu umenewu, wachitatuyo ndi amene ndinakhala naye zaka 41. Ndipo ukangopezeka ndi mimba panalibe zokambirana, thiranki pamutu tsiku lomwelo. Mnzanga amene timagona mabedi oyandikana, wanzeru kuposa tonse pa masamu, anapita choncho kutatsala miyezi iwiri mayeso. Mnyamatayo anamaliza bwinobwino.

Jaden_LL:
Kkkkk alongo atatu amama mwatipha. Koma kunena zoona moyo umenewo unali bho, discipline inalipo, osati za pano ma hostel achita kusanduka msika.

MphunzitsiWopuma:
Mwambo wake uti mwana wanga, wothamangitsa mmodzi nkusiya mnzake? Zoti mtsikana abwerere kusukulu akabereka zabwera 1993, ine nditatsala pang'ono kupuma ntchito.

Chiphadzuwa_Harare:
Ndiwonjezereko za yunivesite poti achimwene aja ndi zimene amaganiza. Nthawi ya chitaganya cha Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, kuyambira 1953 mpaka 1963, yunivesite ya mayiko atatu onse inali kuno, University College of Rhodesia and Nyasaland ku Mount Pleasant, Salisbury (Harare ya lero), ndipo madigiri ake amachokera ku London. Ophunzira oyamba analowa 1957 ndipo mtsikana wachikuda woyamba anali Sarah Chavunduka wa konkuno ku Zimbabwe, amene pambuyo pake amadziwika kuti Sarah Kachingwe. Tangoganizani, amati ndi sukulu ya mitundu yonse koma nkhani yoti iye azigona nyumba imodzi ndi atsikana achizungu inavuta ndithu. Anyamata akwathu zawo zinali zina, a Orton Chirwa ndi a Chipembere anakaphunzira ku Fort Hare, a Kanyama Chiume ku Makerere. Mtsikana kuti afike kumeneko amayenera kudutsa kaye sekondale, ndipo masekondale ake anali owerengeka, Blantyre Secondary ya 1940, Zomba Catholic, Dedza, malo ambiri a anyamata. Ndiye agogo anuwo ngati anafika ku koleji ya aphunzitsi 1958 musawaone pansi.

Mdzukulu92:
Zikomo nonse, makamaka amama aphunzitsi. Dzulo ndinapitanso ndi chithunzi chija, ndinangoti agogo, nsimbi ya makala ku koleji zimatha bwanji? Eee anthu inu, anakhala tsonga! Andionetsa chipsera pa dzanja lamanja chimene ine ndimayesa cha moto wa kukhitchini. Atsikana onse apachithunzi awatchula mayina mmodzimmodzi ndi kwawo komwe, munthu woti dzina langa amalisokoneza ndi la mayi anga. Akuti anaphunzitsadi zaka 4 ma Sub A, kalasi yoyamba ya pulayimale nthawi imeneyo, ana akulembera pa masileti ena pansi pa mchenga, kenako anakwatiwa agogo aamuna nkuwaletsa ntchito. Mayi anga omwe samadziwa zimenezi.

Nditafunsa za makalata a alongo anangoseka nkundiuza kuti ndikatseke mbuzi. Loweruka ndipitanso, foni ndikatchaje yodzadza kuti ndikawajambule mawu, ndipo achimwene aja ndikuwatenga.