Helikopita inanyamula wodwala, mapepala ake anatsala m'nyanja

Namwino watsopano:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Uno ndi mwezi wanga wachitatu pa sitima yapamadzi ya alendo. Dzulo tikuchokera ku Mozambique kubwerera ku Durban, bambo ena achikulire anadwala mtima mwadzidzidzi. Akaputeni ndi adokotala analankhula ndi a MRCC, likulu loyang'anira zopulumutsa anthu panyanja ku Cape Town, helikopita n'kubwera. Titafika nawo pa deki, bwalo lapamwamba pa sitima, chimphepo chake chinanditsomphola envulopu ya mapepala awo, ine n'kumangoiyang'ana ikutera pamadzi. Kenako munthu amene anatsika pa chingwe kuchokera mu helikopita anakana machira athu, tinachedwa nako kuwasamutsa. Ndinaphonya pati?

Namwino wa ku Southampton:
Pepani mng'ono wanga, tonse tinayambira pomwepo. Za machira musadziimbe mlandu. Iwo amabwera ndi awo okhala ndi malamba komanso pokolekera chingwe, athuwa sangawalole. Inu muzimalizira zonse m'kati, musanatuluke panja. Mapepala, pasipoti ndi mankhwala muziika m'thumba la pulasitiki, n'kulilowetsa m'malaya mwa wodwalayo, n'kulimata. Nthawi imene walandira mankhwala omaliza ine ndimailembanso pa pulasitala ya pamkono, chifukwa pa phokoso lija palibe amene angakumveni. Bulangete likhale kunsi kwa malamba. Dilipi, adokotala akavomera, itsekeni musiye kanyula yokha, kachubu kolowa mumtsempha kaja.

Wa pa deki:
Ine si wachipatala, koma mvereni ichi achemwali. Chingwe chikamatsika musachithamangire chisanakhudze deki. Helikopita imasonkhanitsa magetsi ikamauluka, ndipo ine anandigwedezapo kamodzi, dzanja linachita dzanzi mpaka kuphewa. Chinanso, musachimangirire ku chitsulo chilichonse. Sitima ikatsika ndi funde, mwaikoka helikopita ija. Mipando, matawulo ndi zipewa timachotseratu. Ovuta kwenikweni ndi alendo ndi mafoni awo, kuwala kwa kamera usiku kumathobwa oyendetsa m'maso. Anthu a helikopitawa ntchito amaidziwa, pagombe lomweli mu 1991 sitima ya alendo ya Oceanos ikumira pafupi ndi Coffee Bay anakweza anthu 225 ndi chingwe, ndipo onse 571 anapulumuka. Akakulozerani ndi dzanja, ingochitani.

Namwino watsopano:
Zikomo achimwene. Nanga akazi a odwala aja? Anandigwira yunifolomu akulira kuti akwere nawo.

Namwino wa ku Southampton:
Kawirikawiri salola, malo ndi ochepa ndipo munthu aliyense wokwezedwa pa chingwe ndi ngozi ina. Muwauze helikopita isanafike, atakhala pansi m'chipinda, osati pa deki. Funsani dzina la chipatala chimene akupita, muwalembere papepala, apeze chogwira m'manja mpaka sitima ifike padoko.

Namwino watsopano:
Ndamva. Makope a mapepala aja tinawatumiza ku chipatala pa imelo usiku womwewo. Matumba apulasitiki ndaika kale m'kabati ya pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi pulasitala ndi cholembera.