Lipoti la Chingerezi labwerera lili psuu ndi inki yofiira: ndiyambire pati?

Mlembi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi lipoti la Chingerezi la masamba 40, analemba anthu anayi, ndipo likufunika lituluke Lachisanu. Amene walidutsamo wangolemba pachikuto kuti zizindikiro za m'kalembedwe ndi malembo aakulu sizikugwirizana. Zina mwa zomwe wadula mzere ndi izi:

"The funds arrived late, however the work continued."
"The Director met the Board in Summer."
"Each department must submit it's budget."

Tsamba lina kuli Dr. wa mpumiro, lina Dr wopanda. Mitengero kwina ndi iwiriiwiri, kwina umodziumodzi. Ndiyambire pati kuti ndisabwerezenso ntchito?

Mkonzi wa mabuku:
Achemwali, musanakhudze chilichonse, gawani zofiirazo milu iwiri. Mulu woyamba ndi zolakwika zenizeni, zimene zili zolakwika kulikonse kumene Chingerezi chimalembedwa. Ziganizo zanu zitatuzo zili mmenemu. Mulu wachiwiri ndi wa zosankha: Dr. kapena Dr, mitengero iwiri kapena umodzi. Apa palibe wolakwa, kungoti alembi anu anayiwo asakaniza kalembedwe ka ku Britain ndi ka ku America m'lipoti limodzi.

Kusiyana kwake n'kotere. A ku Britain amalemba Mr, Mrs ndi Dr popanda mpumiro, chifukwa chidulecho chathera pa lembo lomaliza la mawu enieniwo, Mister ndi Doctor. Koma Prof. amamuika mpumiro poti mawuwo angodulidwa pakati. A ku America amaika mpumiro ponseponse. Tsiku, a ku Britain amalemba 5 March 2024 popanda mpatuliro. A ku America amalemba March 5, 2024, ndipo chiganizo chikamapitirira amaikanso mpatuliro wina chaka chikatha, womwe ambiri amauiwala. Pa mitengero, mabuku a ku Britain amakonda umodziumodzi, ndipo mpumiro umalowa m'kati pokhapokha ngati unali mbali ya mawu a mwiniwake. A ku America amaika iwiriiwiri, mpumiro ndi mpatuliro n'kulowa m'kati nthawi zonse. Colon (:) ndi semicolon (;) zimakhala kunja mbali zonse ziwiri.

Funsani mwini lipoti kuti akufuna mbali iti. Akapanda kuyankha, onani masipelo: ngati muli colour ndi centre, tsatirani a ku Britain mpaka kumapeto.

Mphunzitsi wa Chingerezi:
Ine ndiime pa chiganizo choyambacho, chifukwa cholakwika chimenechi chimakhala mbwee m'malipoti. "The funds arrived late" ndi chiganizo choima pachokha, chili ndi mwininkhani ndi mneni wake. "The work continued" chimodzimodzi. Mpatuliro pawokha alibe mphamvu yomanga ziganizo ziwiri zotere. Wolemba anaona ngati however ndi mlumikizi ngati but, pamene ndi muonjezi chabe. Njira zokonzera zilipo zitatu:

"The funds arrived late; however, the work continued."
"The funds arrived late. However, the work continued."
"The funds arrived late, but the work continued."

Alumikizi amene amaloledwa kugwira ntchitoyi ndi mpatuliro yekha ndi asanu ndi awiri: for, and, nor, but, or, yet, so. Koma therefore, moreover, nevertheless ndi consequently ali m'gulu la however. Asakeni onsewa pa kompyuta ndi Ctrl+F, mmodzimmodzi. Paliponse mwawapeza, phimbani mawuwo ndi chala muwerenge kumanzere ndi kumanja. Mbali zonse zikaima pazokha, pakufunika semicolon kapena mpumiro. Ngati however wangolowerera m'kati mwa chiganizo chimodzi, monga "The work, however, continued", mipatuliro iwiri ndiyokwanira, musaikepo semicolon.

Za it's n'zachidule. Ikani "it is" kapena "it has" m'malo mwake. "Must submit it is budget" sizikumveka, ndiye lembani its. Apa Chichewa chathu chimatithandiza: nkhodolero ya mu m'nyumba imasonyeza kuti lembo lagwa, ndipo ya mu it's ntchito yake ndi yomweyo. Alowam'malo aumwini, its, hers, ours, yours ndi theirs, satenga nkhodolero.

Wowerenga mapurufu:
Aphunzitsi anena zoona. Ndiwonjezere za nkhodolero pa maina, poti mwapeza it's, ndithu zinazi ziliponso. Wantchito mmodzi: the employee's file. Ambiri: the employees' files. Dzina likachuluka popanda s, nkhodolero imatsogola: children's, women's. Kungochulukitsa sikufuna nkhodolero ayi: NGOs, PDFs, the 1990s.

Tsono malembo aakulu, komwe kudzakudyereni nthawi yambiri. Anthu amakweza lembo pofuna kupereka ulemu, koma Chingerezi sichiyang'ana ulemu, chimayang'ana ngati mawuwo ndi dzina lamwinimwini. Masiku, miyezi, ziyankhulo ndi mitundu ya anthu zimatenga lembo lalikulu: Monday, March, French, Brazilian. Nyengo sizitenga: summer, winter. Mbali za dziko sizitenga mukamaloza njira, "drive south", koma zimatenga zikakhala m'dzina, monga South Africa. Maphunziro ndi aang'ono, biology, history, kupatula okhala ndi dzina la chiyankhulo, English. Udindo umakwera ukatsamira dzina la munthu, monga President Lincoln, koma ukaima wokha umatsika: "the president spoke". Ndiye chanu chachiwiri chikhale "The director met the board in summer."

Mlembi wa kukhoti:
Bambo, pa Director ndi Board pokha ndikutsutsaniko pang'ono. M'mapangano ndi m'malamulo oyendetsera bungwe, mawu akamasuliridwa kumayambiriro kuti Board akutanthauza komiti yakutiyakuti, amakhala ndi lembo lalikulu m'chikalata chonse, ndipo mukalitsitsa mwasintha tanthauzo. Achemwali aone kaye ngati lipotilo lili ndi gawo lomasulira mawu. Summer yekhayo ndiye atsike popanda kufunsa munthu.

Wowerenga mapurufu:
Ndavomera, mayi. Ngati gawolo mulibe, atsitse. Ngati mulimo, akweze ponse, osati tsamba 3 Board, tsamba 9 board.

Mlembi wa kukhoti:
Pali mpatuliro winanso amene samveka phokoso koma amasintha nkhani. Taonani:

"The drivers who arrived late were fined."
"The drivers, who arrived late, were fined."

Choyamba chikunena kuti analipitsidwa ndi ochedwa okhawo. Chachiwiri chikunena kuti madalaivala onse anachedwa ndipo onse analipitsidwa. Kompyuta sidula mzere pa chilichonse mwa ziwirizi, poti zonse ndi zolondola. Apa musakonze nokha, funsani amene analemba kuti ankatanthauza chiti. Mipatuliroyi imayendanso iwiri: mukatsegula, mutseke.

Sankhaninso za mpatuliro womaliza pa mndandanda, uja amati Oxford comma: "pens, files, and paper" kapena "pens, files and paper". Buku lotsogolera kalembedwe la The Chicago Manual of Style, lomwe linayamba kutuluka mu 1906, limamufuna, ndipo Oxford University Press nayo imamugwiritsa ntchito. Manyuzipepala otsatira AP Stylebook, buku la kalembedwe ka atolankhani, amamusiya pa mndandanda wosavuta. Ena amaona ngati n'kachabechabe, koma ku Maine ku America lamulo lotchula ntchito zosalipiridwa ovataimu linathera ndi mawu oti "packing for shipment or distribution of", popanda mpatuliro mawu oti "or" asanabwere. Madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy anati mawuwo akunena za opakira katundu okha, osati iwo ogawa. Mu 2017 khoti la apilo linati lamulolo likumveka pawiri, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Ine ndimati m'lipoti muikeni ponse, simutaya kanthu.

Mlembi:
Zikomo nonse. Gawo lomasulira mawu mulibe, ndipo masipelo ambiri ndi a ku Britain. Nanga mitu ya magawo? Ina mawu aliwonse ayamba ndi lembo lalikulu, ina loyamba lokha.

Mkonzi wa mabuku:
Imeneyonso ndi ya mulu wachiwiri. Chophweka ndi kukweza lembo loyamba ndi maina amwinimwini basi: "Results of the second survey". Njira inayo imabala mikangano, chifukwa a, an, the, and, of amatsika pokhapokha akhale oyamba kapena omaliza, Is ndi Be amakwera ngakhale ndi aafupi poti ndi aneni, ndipo pa with kapena between mabuku otsogolera kalembedwe sagwirizana. Ndi masiku ochepa omwe muli nawo, itayeni.

Lembani zosankha zonsezi pa tsamba limodzi musanayambe: Dr wopanda mpumiro, tsiku kenako mwezi, mitengero umodziumodzi, Oxford comma, mitu ya lembo loyamba. Muwatumizire alembi anayiwo. Kenako dutsani m'lipoti kangapo, ulendo uliwonse mukusaka chinthu chimodzi. Maso akamasaka zinthu zisanu nthawi imodzi, zitatu zimawadutsa.

Wotayipa:
Za pa Word izi. Yambani ndi Ctrl+A, musankhe English (United Kingdom) pa Review, Language, chifukwa zidutswa zomatidwa kuchokera kwa anthu anayi zimabwera chilichonse ndi chiyankhulo chake. Shift+F3 imasintha mawu omwe mwasankha kuchoka ku malembo aang'ono kupita ku aakulu popanda kutayipanso, yothandiza pa mituyo. Ctrl+H ichotse mipata iwiriiwiri, komanso mpata umene ena amasiya asanalembe mpumiro kapena mpatuliro.

Replace All musayikhulupirire pa Director ndi Board. Idzatsitsanso amene ali koyambirira kwa chiganizo ndi amene ali m'dzina lenileni la bungwe. Chongani Match case, muziyenda ndi Find Next. Mitengeronso musaisinthe yonse pakamodzi, poti pamene pali mawu ogwidwa m'kati mwa mawu ena ogwidwa, akunja amatenga umodzi, am'kati iwiri.

Wowerenga mapurufu:
Poti muli manambala, onaninso timizere. "A two-year contract" ikufuna kamzere kakafupi, hyphen, chifukwa mawu awiriwo akufotokoza dzina limodzi ali kutsogolo kwake, koma "a contract of two years" ayi. Muonjezi wothera ndi -ly satenga hyphen: "a newly built office". Pakati pa zaka kapena masamba pamakhala kamzere kotalikirapo, en dash: 2019–2023. Pa Windows gwirani Alt mutayipe 0150 pa manambala a kumanja. Koma mukayamba ndi from, malizani ndi to, "from 2019 to 2023", osati kamzere.

Mlembi:
Tsamba la zosankha ndalemba, ndawatumizira. Ndayamba ndi however, ndipo pofika tsamba 12 ndapeza kale asanu ndi anayi. Ziganizo za who ndi which ndikungozipaka chikasu kuti eni ake andiyankhe mawa m'mawa.