Gulu la banja: ana apite kuthengo tchuthi cha Isitala

Make Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Sukulu zikutsekera Lachisanu, tchuthi cha Isitala ndi masabata awiri, ndipo sabata yoyamba yonse ine ndili pa shifiti ya usiku. Ndapeza malo kuno ku Nottingham, ku England, omwe amasunga ana kunkhalango kuyambira 9 m'mawa mpaka 3 masana. Ndikufuna Chisomo ndi Tadala apite limodzi. Kuyambira Novembala anawa angokhala m'nyumba, maso pa foni.

Bambo a Tadala: Alamu, amakachita chiyani kumeneko tsiku lonse?

Make Chisomo: Amamanga tizisakasa ndi nthambi, amasaka tizilombo pansi pa zipika zowola, amavuula mbululu m'dziwe ndi kaukonde n'kuzibwezeramo. Ino ndiyo nyengo yake, achule aikira mazira kale. Chaka chatha tinapita ku Attenborough Nature Reserve, Chisomo anagwada m'mphepete mwa madzi pafupifupi ola lathunthu, akuyang'ana mbululu imodzi yomwe inali itamera timiyendo takumbuyo. Mpaka lero amaikambabe.

Agogo (Zomba): Ana inu, kuthengo mpaka kulipira? Bambo a Tadala ali msinkhu umenewo ankachoka m'mawa ndi mbuzi, kubwera madzulo thumba lodzaza masuku. Nanga njoka kulibe?

Bambo a Tadala: Amayi, yaululu kuno ndi mtundu umodzi wokha, amati adder, ndipo imathawa anthu. Chovuta ndi nkhupakupa za m'udzu wautali, zina zimapatsa matenda a Lyme. Palinso masamba oyabwa, manetulo, ngati chitedze koma sachedwa kuleka.

Azakhali Nabanda: Ndiye avale mathalauzi aatali, muwapisire m'sokosi. Madzulo posamba muziwaona kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo. Mukaipeza muizule ndi kopanira pafupi ndi khungu, osaipsinja, osaiwotcha ndi machesi. Koma mwafunsa za HAF? Ija ya boma, ana amasewera ndi kudya kwaulere pa tchuthi.

Make Chisomo: Ndinafunsa kusukulu. Ndimaganiza kuti Tadala alowa poti amadya ulere, koma chakudya chimenecho amalandira ana onse a makalasi oyambirira, kuyambira Reception mpaka Year 2. HAF ndi ya mabanja omwe analembetsa chakudya chaulere chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Ife tilipira basi. Masiku atatu okha ndingakwanitse, Lachiwiri mpaka Lachinayi.

Malume (Leicester): Musadandaule, nditumiza £60 usiku uno. Mugulirepo magambutsi, matope a Epulo si masewera. Ndi jekete la mvula, kuno dzuwa limawala m'mawa koma pofika masana yagwa.

Bambo a Tadala: Zikomo kwambiri malume. M'mawa ndiziwasiya ndine popita kuntchito. Kukawatenga 3 koloko ndiye vuto, ndimaweruka 5.

Azakhali Nabanda: Lachiwiri ndi Lachitatu ndikawatenga ine, akadye kwathu. Lachinayi ndili kuchipatala tsiku lonse.

Make Chisomo: Lachinayi ndidzuka msanga, ndipita ndekha. Azakhali, ndilemba dzina lanu pa fomu, sapereka mwana kwa munthu yemwe sanalembedwe. Bambo a Tadala, inhela ya Tadala ikhale m'chikwama, ndipo muwauze aphunzitsi akumeneko tsiku loyamba lomwelo. Kamba ndikonza ine, koma osaikamo mtedza, analetsa chifukwa ana ena umawadwalitsa.

Agogo (Zomba): Chabwino, apite. Koma Chisomo andiimbire pa vidiyo andionetse mbululu zakezo, ndione ngati zikufanana ndi za ku Likangala. Mundiimbire ndisanagone.

Make Chisomo: Tiimba 6 koloko ya kuno, kwanu ikhala 7, mawotchi tinasintha kale. Ndikulembetsa onse awiri pompano malo asanadzaze.