Barbaresco wa kopaletivi ndi wa banja: kusiyana kwake kuli pati?

NaBanda_Leeds

Moni nonse. Ndayamba kumene ntchito pa lesitilanti ina kuno ku Leeds, ndipo abwana andipatsa mndandanda wa vinyo kuti ndiuloweze pamtima. Pali mabotolo awiri a vinyo wofiira wa ku Italy amene andisokoneza: onse alembedwa Barbaresco ndipo ndi a chaka chimodzi, koma lina lili ndi dzina la banja pamene linzake lalembedwa Produttori del Barbaresco, ndipo lachiwirili ndi lotsikirapo mtengo. Dzulo kasitomala wina anandifunsa ngati kutsika mtengoko kukutanthauza kuti ndi vinyo wosakanizasakaniza wa alimi wamba, ine ndinangomwetulira chifukwa ndinalibe choyankha. Kodi vinyo wa kopaletivi amachepadi mphamvu pamaso pa vinyo wa banja?

Gogo Chisale

Mayi NaBanda, botolo limene lakuvutanilo ndi limene limachititsa manyazi anthu onyoza makopaletivi. Produttori del Barbaresco inayamba mu 1958, pamene wansembe wa m'mudzi wa Barbaresco, Don Fiorino Marengo, anasonkhanitsa alimi 19 ataona kuti aliyense payekha analibe mphamvu yokambirana mtengo ndi ogula mphesa, ndiponso kuti achinyamata ankasiya minda kupita kukafuna ntchito m'mafakitale a ku Turin. Lero mamembala ake ndi mabanja oposa pang'ono 50, ndipo amafinya mphesa za mtundu umodzi wokha, Nebbiolo.

Chinsinsi chawo chili pa malamulo awiri. Loyamba ndi lakuti membala ayenera kubweretsa Nebbiolo yense amene wakolola, kotero kuti sangabise mphesa zabwino kuti apangire vinyo wake n'kutaya zotsalazo ku gulu. Lachiwiri ndi lakuti malipiro satsata kulemera kwa pa sikelo kokha, koma amayang'ananso kupsa kwa mphesazo, shuga wake ndi mtundu wa makungu ake. Aliyense amene anaperekezapo fodya ku okushoni akudziwa kuti mlimi amasamala tsamba akadziwa kuti giredi ndiyo ikalamule mtengo. M'zaka zabwino zokha amapanga vinyo wa Riserva, wosungidwa nthawi yaitali kuposa wamba, kuchokera ku minda isanu ndi inayi yotchuka, monga Asili, Rabajà ndi Montestefano, ndipo chaka chimene sanatero, mphesa za m'minda imeneyi zimalowa m'botolo wamba limene mukugulitsalo. Lamulo la Barbaresco ndi limodzi kwa onse: vinyo asungidwe miyezi yosachepera 26, isanu ndi inayi mwa iyo ali m'migolo ya matabwa, kaya wopangayo ndi banja kaya ndi gulu.

Mbewe wa ku Lyon

Agogo anena zoona, koma ndikupempha kuti tisatenge mbuzi imodzi yonenepa n'kuyamikira khola lonse. Mbiri yoipa ya makopaletivi ili ndi pochokera. Kum'mwera kwa France, m'chigawo cha Languedoc, kumene alimi a ku Maraussan anakhazikitsa gulu lawo mu 1901 ndipo mu 1907 alimi anadzaza misewu podandaula za kugwa kwa mitengo, makopaletivi ambiri anakhala zaka zambiri akulipira potengera makilogalamu ndi mphamvu ya mowa imene mphesazo zingatulutse. Mlimi wanzeru ankangochulukitsa zokolola, ndipo vinyo wake ankatuluka wamadzimadzi. Zinthu zasintha m'malo ambiri, koma si ponseponse.

Chimene banja limapereka ndi dzanja limodzi kuyambira potengulira mpesa mpaka potseka botolo, ndiponso ufulu wochita zinthu zimene komiti ya mamembala singavomereze. Ndinapita ku Haro, m'chigawo cha Rioja ku Spain, kukaona nyumba ya López de Heredia, imene inayamba mu 1877 ndipo ikadali m'manja mwa banja lomwelo. Mpaka lero ali ndi mmisiri wawo wokhoma migolo, ndipo pansi m'mapanga osungiramo vinyo makoma anakutidwa ndi nkhungu yakuda imene saichotsa dala. Vinyo wawo wa Viña Tondonia Reserva amakhala m'migolo pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi, kenaka n'kudikiranso m'botolo asanagulitsidwe. Ndi alimi angati amene angalole kuti ndalama zawo zigone pansi nthawi yonseyo ana akudikira fizi? Ku chigwa cha Rhône ku France nakonso, banja la Chave limalemba pa botolo lawo la vinyo wa pa phiri la Hermitage kuti lakhala likulima mphesa kuchokera mu 1481, ndipo mtengo wake umasonyeza kuchepa kwa mabotolowo pamodzi ndi dzinalo.

Gogo Chisale

A Mbewe, poti mwatchula Hermitage, musaiwale kuti pa phiri lomwelo gawo lalikulu ndithu la mphesa limapita ku Cave de Tain, kopaletivi imene inayamba mu 1933, ndipo vinyo wake wa mphesa za mtundu wa Syrah amachokera m'nthaka yoyandikana ndi ya a Chave.

Nagama

Achemwali, ine ndingowonjezera za kuwerenga pepala la pa botolo, poti ndi limene mudzaligwire m'manja pamaso pa kasitomala. Mukaona mawu akuti Produttori kapena Cantina Sociale ku Italy, Cave kapena Vignerons de ku France, Adega Cooperativa ku Portugal ndi Winzergenossenschaft ku Germany, kawirikawiri ndi kopaletivi. Pa vinyo wa ku France, mawu akuti “mis en bouteille au domaine” amasonyeza kuti mwini munda ndiye anathira yekha m'botolo, pamene “à la propriété” makopaletivi nawonso amaloledwa kulemba, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika.

Za mabotolo anu awiriwo, pemphani abwana kuti akulawitseni onse tsiku limodzi. Nebbiolo ndi wotuwirako m'tambula koma amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa, choncho muwatsegule ola limodzi musanalawe, ndipo pakhale kanyama kootcha pambali. Kasitomala uja akadzabweranso, mudzamuuze kuti mphesazo zinalimidwa ndi mabanja a m'mudzi wa Barbaresco momwemo, ndi kuti pa mabotolo awo a Riserva amalembapo ngakhale mayina a mabanja amene minda yawo inapereka mphesazo.