Makobidi a agogo okhala ndi nyama, nde wina akufuna tisinthane ndi ka kadzidzi

Ngozo wa pa Lizulu:

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Mwezi watha timafolera nyumba ya malemu agogo aamuna kumudzi kuno, nde posasula udzu wakale uja tinapeza kachitini ka fodya katapanikizidwa pa mtanda, mkati muli makobidi 43 atakulungidwa m'kansanza. Ine chandigwira mtima ndi nyama zili pamenepo. Ena ndi obooka pakati ndipo pali njovu ziwiri zaimirira ndi miyendo yakumbuyo ngati zikuvina ngoma, ena ang'onoang'ono obookanso ali ndi nyamalikiti, lina lili ndi mphalapala, lina nkhwazi yagwira nsomba, kenako a Kamuzu angapo okhala ndi tambala. Ndinajambula nkuponya pa Facebook mongosangalala, mawa lake munthu wina wandipeza ku inbox, takumana pa Dedza boma pafupi ndi depoti, wanditulutsira kakobidi konenepa kokhala ndi kadzidzi wa maso akuluakulu, akuti nka ku Greece ka zaka zoposa 2,000, ati kanabwera ndi azungu a mishoni. Akufuna ndimupatse chitini chonse kuphatikiza 80 pin iye andipatse kameneko. Kunena zoona kandikola, kakuwala bwino. Mayi akunyumba akuti kadzidzi m'nyumba muno ayi. Funso langa, zoterezi zimapezekadi kuno? Komanso angawa ada bii, ndingawakweche ndi phulusa ndi ndimu?

Aphunzitsi Opuma, Mayani:

A Ngozo, choyamba phulusalo lisiyeni ku mapoto. Mukakwecha kobidi lakale mumalichotsa khungu lake, limawala masiku awiri kenako limaoneka ngati chivindikiro cha botolo, ndipo anthu osunga makobidi akaona zokandakanda amangolibweza. Madzi ofunda, sopo pang'ono, zala zanu, kupukuta ndi kansalu kofewa, basi.

Tsono zimene mwatchulazo ine ndagulirapo zitumbuwa ndili mwana. Obookawo ndi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anayamba kutuluka 1955 mpaka cha m'ma 1964. La njovu ndi peni, la nyamalikiti ndi hafupeni, mphalapala ndi sheleni, nkhwazi ndi masheleni awiri. Funafunani bwino m'chitinimo mwina mupeza sikisi, ya mapeni 6, ili ndi kambuku wayima pa mwala, komanso tiki, ya mapeni atatu, iyo ndi ya duwa. Amayi athu ankatunga mapeni obookawo pa chingwe nkumanga m'chiuno popita ku msika, ena ankaveka ana akhanda pamodzi ndi mankhwala, ndiye mukaona lina lapereseka mbali imodzi ya bowo musadabwe, ndi chingwe chimenecho.

A Kamuzu aja yang'anani chaka. Ngati palembedwa 1964 ndi oyamba enieni a dziko lino, sikisi inali ndi tambala, sheleni chimanga, masheleni awiri njovu ndi mwana wake. Kwacha itabwera mu 1971 masheleni 10 ndi amene anapanga kwacha imodzi, nchifukwa chake chimanga chija chinangosamukira pa 10 tambala ndipo njovu zija pa 20 tambala osasintha. Tambalayo anatsikira pa 1 tambala, pa 5 tambala anaikapo kakowa. Ana a masiku ano amadabwa ukawauza kuti njovu ili pa K10 yachitsuloyi yayenda nafe kuchokera pa ufulu. Za ku Greece ndisiyire odziwa, koma chitini cha agogo anu musapereke.

Wa Kachewere ku Tsangano:

Kkkkk aise ufuna kugula kadzidzi ndi ndalama zako zomwe? Ife akangolira padenga usiku timadzuka ndi chikuni chamoto, iwe ukukamutenga wekha pa minibasi mpaka kuchipinda. Alamu akunena zoona. 80 pin imeneyo bwera nayo kuno ndikupatse mbewu ya mbatata.

Naphiri wa ku Bembeke:

Achimwene, ndalama ya kadzidziyo iliko ndithu, ine ndimazitsata zimenezi ngakhale yeniyeni ndinangoiona pa galasi ku museum kunja. Ndi ya mzinda wa Athens, amaitcha tetradrachm, inachuluka kwambiri zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe. Mbali imodzi kuli mutu wa Athena, mulungu wawo wamkazi, wavala chisoti cha nkhondo, mbali inayo kadzidzi, kanthambi ka azitona, kamwezi kakang'ono ndi zilembo zitatu, A, kenako chozungulira chokhala ndi kadontho pakati, kenako E. Kwa iwo kadzidzi inali mbalame ya nzeru osati ya maliro ngati kwathu kuno, moti a Tsangano akanakhala ku Athens bwenzi atawathamangitsa ndi chikuni chawocho. Mpaka lero 1 euro ya ku Greece ili ndi chithunzi cha ndalama yomweyo.

Ndipo si Athens yokha, mizinda yambiri inkadziwika ndi nyama yake ngati mmene ife timadziwirana ndi mfunda. Aegina anali ndi kamba, Efeso njuchi, mfumu Croesus ya ku Lydia mkango utayang'anizana ndi ng'ombe yamphongo. Julius Caesar mu 49 Yesu asanabadwe anasulitsa dinari ya njovu ikuponda njoka yolipirira asilikali ake, ndipo Aroma atalanda Iguputo anatulutsa ya ng'ona. Ine imandisangalatsa ya ng'onayo, wosula wake zikuoneka kuti ng'ona sankaidziwa bwino ngati anthu a ku Mtakataka.

Vuto ndi loti ya kadzidziyi ndi imodzi mwa ndalama zokoperedwa kwambiri padziko, ku Athens konko amagulitsa zokopera m'mashopu a alendo ngati mmene timagulitsira ziboliboli pamsewu. Yeniyeni ndi siliva ndipo imalemera magalamu 17 ndi kakusefukira pang'ono. Sinkathiridwa m'chikombole, ankaika chibulumwa cha siliva pakati pa zidindo ziwiri nkumenya ndi hamala, ndiye imakhala yokhotakhota, mwina chisoti cha Athena chadukira kumphepete, mwina m'mbali mwang'ambika. Mukaona mzere woyenda m'mphepete monse ngati pamene agundanitsa mbali ziwiri, kapena timaenje ngati ta pa chigumu, imeneyo ndi yothira. Tengani maginito a sipika yakufa, siliva sagwira maginito. Kusagwira sikutanthauza kuti ndi yeniyeni chifukwa mkuwa ndi mtovu nazo sizigwira, koma ikagwira nkhani yathera pomwepo. Sikelo pitani kwa anyamata ogula miyala ku Ntcheu aja, ali ndi timasikelo ta magalamu.

Komanso dzifunseni, yeniyeni kunja amagulitsa madola mahandiredi angapo, zabwino zimapitirira 1,000, ndipo imayenda ndi mapepala osonyeza kumene yachokera. Munthu ali ndi chinthu chotero akufuniranji mapeni a chitaganya, oti anasulidwa mamiliyoni ndipo lililonse palokha siligula nkhuku? Iye akufuna 80 pin yo, chitinicho ndi ndiwo chabe.

Mbewe wa ku Biriwiri:

Nkhani izi zinatidyera mbuzi ziwiri kwathu. Akulu anga anabweretseredwa kobidi lachikasu la njovu yakweza chitamba, kumbuyo kwake phiri, ati ndi rupiya ya Majeremani ndipo kuli bwana wina ku Tete akuyifuna ndi ndalama zodzadza chikwama. Ndinadzafufuza pambuyo pake, ndalamayo iliko, 15 rupien ya golide imene Majeremani anasula ku Tabora mu 1916 nkhondo ili mkati, nde akambelembelewa amatengera nkhani yoona nkuikapo chitsulo chawo. Yathuyo itagona mwezi mu kabati inayamba kubiriwira m'makona, golide amabiriwira? Bwana wa ku Tete foni yake mpaka lero ikuti yazimitsidwa.

Koma kusunga kwa nyamaku nkokoma, ine ndinayamba pompo nditapsa mtima. Panopa ndili ndi mbidzi za pa 50 tambala, chambo ziwiri za pa 1 tambala, nkhwazi ya pa K1, komanso 1 rand ya mbawala yodumpha imene malume anabwera nayo ku Joni. Ndimaika lililonse m'kaenvelopu kake nkulemba chaka ndi nyama, chifukwa ukawaunjika pamodzi amakandana, komanso mwachinyontho mwa kuno nthawi ya chiperoni a mkuwa aja amagwira ndere. A Ngozo ngati muli ndi a nyamalikiti awiri tisinthane limodzi ndi mbidzi, ndimadutsa pa Lizulu tsiku la msika.

Ngozo wa pa Lizulu:

Zikomo nonse. Asisi Naphiri, ndinamuimbira mkulu uja kuti tikumane pa Ntcheu tikayeze pa sikelo, wayamba zoti ndalamayo siifuna kugwiridwagwiridwa imatha mphamvu, kenako watsitsa mpaka 30 pin popanda chitini, kenako wandibuloka. Aphunzitsi, sikisi ya kambuku ndaipeza, ya 1957, inamatirira kunsi kwa chitini ndi dzimbiri. Koma ndiulule, uthenga wanu usanafike ndinali nditakwecha kale peni imodzi ya njovu ndi phulusa, panopa ikuoneka ngati wachara ya njinga, mwana wanga wamkazi waitenga waitunga pa ulusi. A Mbewe a nyamalikiti ndili nawo anayi, mukandipeze pa mzere wa kabichi, mubwere ndi mbidziyo komanso chambo ngati muli nacho chapadera.